Eduardo Mondlane, mbusa amene anachedwa kuyamba sukulu

Dzina la Eduardo Mondlane mumalidziwa. Lili pa misewu ya m'mizinda yathu, lili pa makoma a masukulu. Pa 3 Fevereiro chaka chilichonse maofesi amatseka, anthu amasonkhana kukumbukira ngwazi za dziko, chifukwa ndilo tsiku limene iwo anaphedwa mu 1969. Ambiri amadziwa kuti anali mtsogoleri woyamba wa FRELIMO, basi. Lero ndikufuna muone mbali ina ya moyo wawo, mbali ya sukulu. Munthu ameneyu analowa m'kalasi koyamba ali ndi zaka pafupifupi 12. Sekondale anaiyamba ali ndi zaka za m'ma 24. Digiri yomaliza anailandira m'chaka chimene anakwanitsa zaka 40. Inu amene mwabwerera ku maphunziro muli ndi ana, mwina ndi zidzukulu zomwe, nkhani iyi ikukukhudzani.

Mwana wa ku Nwadjahane

Anabadwa pa 20 Junho 1920 m'mudzi wa Nwadjahane, m'boma la Manjacaze, chigawo cha Gaza. Dzina lake la kumudzi linali Chivambo. Bambo ake anali mfumu, koma anamwalira iye akadali wamng'ono kwambiri, ndipo anakulira m'manja mwa mayi ake. Ntchito yake inali ya mnyamata aliyense wa kumudzi: kubusa ziweto, kutchera mbalame, kulimbana ndi anzake kudambo.

Dera lakwawo linali ndi bala losapola. Ku Manjacaze kunali likulu la mfumu Ngungunhane, imene Apwitikizi anaigwira mu 1895 n'kupita nayo kutsidya kwa nyanja. Pamene Chivambo ankabadwa panali patangopita zaka 25. Nkhalamba za m'mudzi zinaona ndi maso awo mmene ufumu unagwera. Pambuyo pake panabwera msonkho wa nyumba, asipayo, ndi chibalo, ntchito ija yokakamiza imene agogo athu kuno ku Tete ndi ku Niassa amaidziwanso bwino. Amuna ambiri a ku Gaza ankapita ku migodi ya ku Johannesburg, monga momwe akwathu ankathawira ku Nyasaland ndi ku Rhodesia.

Amene anamukankhira ku sukulu ndi mayi ake, mayi amene sanapiteko ku sukulu iwo eni. Anaona kuti mphamvu ya mtsamunda sinali mu mfuti mokha. Inalinso mu pepala. Msonkho unkalembedwa pa pepala. Dzina la munthu wopita ku chibalo linkalembedwa pa pepala. Chilolezo choyendera chinali pepala. Wosadziwa kuwerenga ankangomva zimene womasulira wanena, ndipo analibe njira yodziwira ngati akumunamiza. Choncho anafuna kuti mwana wawo adziwe chinsinsi cha pepalalo, kuti adzateteze nacho abale ake.

Anayamba pa sukulu ya boma ku Manjacaze, kenako anasamukira ku sukulu ya mishoni ya ku Suíça, ku Maússe. Amishoni amenewa anali ndi chinthu chimodzi chimene boma silinkachikonda: ankalemba ndi kusindikiza mabuku m'chiyankhulo cha anthu a kumeneko. Mwana ankatha kuwerenga Baibulo ndi nyimbo za m'tchalitchi m'mawu amene mayi ake ankayankhula pamtondo. Musaiwale mfundo imeneyi, tidzakumana nayonso kutsogoloku.

Makomo awiri

Kuti mumvetse ulendo wake, muyenera kudziwa mmene sukulu ya nthawi ija inamangidwira. Lamulo linagawa anthu pawiri. Mbali imodzi kunali Apwitikizi ndi ena amene ankawerengedwa ngati nzika. Mbali ina kunali anthu akuda pafupifupi onse, amene lamulo linkawatcha indígena. Indígena sanali nzika. Ankayenda ndi kabuku kotchedwa caderneta, ankatha kutengedwa kupita ku chibalo, ndipo akalakwa pang'ono ankamenyedwa m'manja ndi palmatória, chija akuluakulu amati mbalamatodya.

Sukulu nazo zinali ziwiri. Mwana wa nzika ankalowa primária mwachindunji. Mwana wa indígena ankayamba ndi zaka za ensino rudimentar, sukulu ya pansi imene inkaphunzitsa Chipwitikizi pang'ono, katekisimu, ndi ntchito zamanja. M'malo ambiri ana ankathera nthawi yaitali akulima munda wa mishoni kapena wa mphunzitsi kusiyana ndi nthawi ya m'kalasi. Mu 1940 boma la Salazar linapangana ndi Vatikani, ndipo kuyambira 1941 sukulu za anthu akuda zinaperekedwa m'manja mwa mishoni za Akatolika. Mishoni za mipingo ina zinkayang'aniridwa ndi diso lokayikira.

Tsono onani msampha wake. Mwana wa kumudzi ankayamba sukulu mochedwa chifukwa sukulu inali kutali ndiponso chifukwa ankabusa. Zonse zinkaphunzitsidwa m'chiyankhulo chimene sanachimvepo kwawo, choncho ankalephera mayeso n'kumabwereza. Akamadzamaliza primária anali atakula kale. Ndiye ku liceu, sekondale ya boma, kunali malire a zaka zolowera. Palibe chikwangwani chimene chinkanena kuti wakuda asalowe. Sichinkafunika. Zaka zokha zinkamutsekera khomo.

Panali kanjira kamodzi kochokera mu uindígena. Munthu ankatha kupempha kuti akhale assimilado. Ankayenera kusonyeza kuti amayankhula ndi kulemba Chipwitikizi bwino, kuti ali ndi ntchito yomupezera ndalama, ndi kuti wasiya miyambo ya makolo ake. Cha m'ma 1950 anthu amene anali atadutsa pa kanjira aka sanafike ngakhale mmodzi pa anthu 100 alionse. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Boma la atsamunda linkadziwa bwino lomwe kuti maphunziro ndi ufulu zimayendera limodzi. N'chifukwa chake linaika ufulu kuseri kwa mayeso, kenako n'kuonetsetsa kuti ofika pa mayesowo akhale ochepa. Ndipo mtengo wake unali wowawa: kuti ukhale mfulu, uyambe wakana kwanu.

Kuzungulira mpanda

Ali mnyamata, Eduardo anapita ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Ankagwira ntchito zamanja pa mishoni kuti apeze chakudya ndi pogona, kwinaku akupitiriza primária. Kumeneko anakumana ndi mmishonale wa ku Suíça dzina lake André-Daniel Clerc, amene anamulandira m'nyumba mwake ndipo anakhala mthandizi wake kwa zaka zambiri. Clerc ankayendetsa timagulu ta achinyamata totchedwa mintlawa. M'timagulu timeneti anyamata ankasankha okha atsogoleri awo, ankakambirana, ankagawana ntchito. Zimaoneka zazing'ono, koma m'dziko limene munthu wakuda sankafunsidwa maganizo ake pa chilichonse, kumeneku kunali kuphunzira kudzilamulira.

Atamaliza primária anapeza khomo la liceu lotseka. Anali wamkulu, anali wosauka, anali wa mpingo umene boma silinkaukhulupirira. Ambiri akanabwerera kumudzi kapena kukwera sitima ya ku migodi. Iye anayang'ana pamene mpanda unali wofooka. Anapita ku Cambine, m'chigawo cha Inhambane, ku mishoni ya Methodist, kukaphunzira zaulimi. Ali kumeneko anaphunziranso Chingerezi. Anagwirako ntchito ya mpingo, kuphunzitsa ndi kulalikira m'midzi. Chingerezi chija n'chimene chinadzamutsegulira njira, chifukwa cha m'ma 1944 amishoni anamutumiza ku South Africa, ku sukulu yawo ya Lemana kumpoto kwa Transvaal. Anakhala pa benchi limodzi ndi ana amene anali aang'ono kwa iye ndi zaka zambiri. Inu amene munachitapo manyazi tsiku loyamba kugwira kope pamaso pa ana anu, mukudziwa kulemera kwa benchi limenelo.

Pa nthawi imeneyi iye ndi Clerc analemba buku lofotokoza ubwana wake. Linatuluka m'Chifalansa mu 1946 ndi mutu wakuti Chitlangou, fils de chef. Dzina lake lenileni silinalembedwe pa bukulo, poopa boma.

Kuchoka ku Lemana anapita ku Johannesburg, poyamba ku sukulu ya Jan Hofmeyr yophunzitsa ntchito zothandiza anthu, kenako mu 1949 ku yunivesite ya Witwatersrand. Koma chaka cha 1948 chipani cha tsankho chinali chitatenga boma ku South Africa. Boma latsopanolo linakana kumuwonjezera chilolezo chokhalira m'dzikomo. Ophunzira anzake anadandaula poyera, koma sizinathandize. Anabwezedwa kwawo maphunziro ali pakati.

Ku Lourenço Marques sanakhale manja lende. Mu 1949 anathandiza kukhazikitsa NESAM, bungwe la ophunzira akuda a ku sekondale. Anali ochepa kwambiri, ndipo zochita zawo zinali kukambirana, kuwerenga, kuthandizana maphunziro, ndi kuyankhula za chikhalidwe chawo mosachita nacho manyazi. Apolisi anamugwira n'kumufunsa mafunso. Taganizani: gulu la ana a sukulu okambirana mabuku linaopsa boma lokhala ndi asilikali. Patapita zaka, ena mwa amene anadutsa mu NESAM anakhala atsogoleri a dziko lino, mmodzi wa iwo Joaquim Chissano.

Mu 1950 anapita ku Lisboa kukapitiriza yunivesite. Kumeneko anapeza achinyamata ena ochokera m'maiko olamulidwa ndi Portugal: Agostinho Neto ndi Mário Pinto de Andrade a ku Angola, Amílcar Cabral wa ku Guiné ndi Cabo Verde, Marcelino dos Santos wa kwathu konkuno. Apolisi achinsinsi a PIDE sankawapatsa mpata wopuma. Patangotha chaka chimodzi anachoka, ulendo wa ku America.

Munthu amene anali atapulumuka

Mu 1951, ali ndi zaka 31, analowa koleji ya Oberlin ku Ohio. Anamaliza mu 1953. Anapitiriza ku yunivesite ya Northwestern, kufupi ndi Chicago, kumene anaphunzira za mmene anthu amakhalira m'magulu, mpaka analandira udokotala wa maphunziro mu 1960. Mu 1956 anakwatira Janet Johnson, mkazi wachizungu wa ku America, ndipo anabereka ana atatu. Kuyambira 1957 ankagwira ntchito ku bungwe la United Nations ku New York, mu nthambi yoyang'anira maiko amene ankakonzekera kudzilamulira, monga Tanganyika ndi Cameroon.

Imani kaye apa. Mbusa uja tsopano ndi a Dr. Mondlane. Ali ndi malipiro abwino, nyumba, banja. Palibe sipayo amene angawafunse caderneta. Akuluakulu a boma la Portugal anayesanso kuwakopa ndi ntchito yophunzitsa ku Lisboa, koma iwo anakana. Ngati maphunziro ali makwerero oti munthu mmodzi athawirepo pa mavuto, nkhani ikanathera pomwepa, ndipo palibe akanawadzudzula.

Mu 1961 anabwera kudzacheza ku Moçambique, patapita zaka zoposa 10. Chifukwa anali wantchito wa United Nations, boma silikanatha kuwagwira. Kulikonse kumene anapita anthu ankakhamukira kudzawaona. Ena ankabwera mobisa kudzawauza za abale awo omangidwa. Anaona kuti chibalo chikadalipo, kulima thonje mokakamizidwa kukadalipo, ndipo sukulu za anthu akuda zinali pafupifupi mmene anazisiyira. Chaka chapitacho, pa 16 Junho 1960, asilikali anali atawombera anthu ku Mueda, m'chigawo cha Cabo Delgado, anthu amene anasonkhana pa boma kudzapempha ufulu ndi mawu chabe.

Ulendo umenewu unawaphunzitsa chimene yunivesite sinawaphunzitse mokwanira. Digiri inamasula munthu mmodzi. Lamulo limene linkamanga anthu mamiliyoni silinagwedezeke. Mwana wina wa ku Nwadjahane akanafuna kutsata mapazi awo akanafunika mwayi womwe uja: mayi wolimba mtima, mmishonale wachifundo, thandizo la ndalama lochokera kunja. Ufulu wodalira mwayi si ufulu wa anthu onse. M'chaka chomwecho cha 1961 Portugal inafafaniza lamulo la indígena pa pepala, itaona nkhondo itabuka ku Angola, koma moyo wa m'midzi sunasinthe msanga.

Anasiya ntchito ku United Nations, chifukwa wantchito wa kumeneko saloledwa kuchita ndale. Anaphunzitsako pa yunivesite ya Syracuse, kenako anapita ku Dar es Salaam, kumene Julius Nyerere anali atatsegula khomo kwa omenyera ufulu. Panali magulu atatu a anthu a ku Moçambique okhala kunja: UDENAMO, MANU ndi UNAMI. Lachitatuli linayambira ku Nyasaland pakati pa anthu ochokera ku Tete, motsogozedwa ndi Baltazar Chagonga. Pa 25 Junho 1962 maguluwa anaphatikizana kukhala FRELIMO, ndipo a Mondlane anasankhidwa kukhala pulezidenti.

Sukulu pansi pa mtengo

Nkhondo inayamba pa 25 Setembro 1964. Za nkhondoyo mumamva kawirikawiri, ndiye sinditalikitsa. Chimene sichinenedwa kwambiri n'chakuti sukulu inayamba mfuti isanalire. Mu 1963 ku Dar es Salaam kunakhazikitsidwa Instituto Moçambicano, motsogozedwa ndi mayi Janet Mondlane, kuti achinyamata othawa kwawo apeze pogona ndi maphunziro a sekondale. Ndalama zoyamba zinachokera ku bungwe la Ford Foundation la ku America. Portugal itakwiya, bungwelo linasiya kupereka, ndipo thandizo linadzachokera ku maiko ena monga Sweden.

Vuto linali lalikulu. Achinyamata ambiri ofika ku Tanzania anali ndi makalasi awiri kapena atatu okha. Dziko limene linkafuna kudzilamulira linalibe madokotala ake, linalibe mainjiniya, linalibe ngakhale aphunzitsi okwanira. A Mondlane ankadziwa kuti mbendera ikhoza kukwezedwa tsiku limodzi, koma namwino sapangidwa tsiku limodzi.

M'madera a Cabo Delgado ndi Niassa amene asilikali a Portugal anali atalephera kuwalamulira, munatsegulidwa sukulu za m'tchire. Kalasi inali pansi pa mtengo, pobisika kuti ndege zisaone. Kope likasowa ankalemba pa mchenga. Choko chikasowa ankalembera chinangwa chouma. Mphunzitsi nthawi zambiri anali munthu wa kalasi yachitatu kapena yachinayi, wophunzitsa amene sadziwa chilembo chilichonse. Ana zikwi zambiri anaphunzira kuwerenga mwa njira imeneyi, ndipo akuluakulu ndi asilikali nawonso ankaphunzira. Monga wophunzitsa aphunzitsi, ndimaiganizira kwambiri mfundo iyi. Sanadikire kuti apeze mphunzitsi wa diploma. Wodziwa pang'ono ankagawira mnzake pang'ono pomwepo.

FRELIMO inasankha Chipwitikizi kukhala chiyankhulo cha sukulu zimenezi. Chifukwa chake chinali chomveka: Mmakonde, Mnyanja, Msena ndi Mchangana anafunika chiyankhulo chimodzi chomvanirana, ndipo kusankha cha mtundu umodzi kukanautsa nsanje. Koma chisankhocho chinali ndi mtengo wake, umene ana a kumudzi anaulipira kwa zaka zambiri pambuyo pa ufulu, polowa m'kalasi yoyamba osamva chimene mphunzitsi akunena.

Mkangano wa 1968

Sindingakhale ndikukuuzani zoona ndikabisa mbali yovuta. Funso limene a Mondlane analiyankha pa moyo wawo mu 1961 linabweranso, koma tsopano likuchokera kwa ana a sukulu yawo yomwe.

Ophunzira ambiri a ku Instituto ankalota kupita ku mayunivesite akunja, monga anachitira pulezidenti wawo. Atsogoleri a FRELIMO anati ayi: amene waphunzira ndi thandizo la gulu ayenera kuyamba wabwerera m'kati mwa dziko, kukaphunzitsa, kukathandiza odwala kapena kukamenya nkhondo, asanapitirize maphunziro. Ophunzira ena amene anali kale ku America ndi ku Ulaya nawonso ankakana kubwerera akaitanidwa. Ku Dar es Salaam mkwiyo unakula. Ena ankafuna kuphunzira m'Chingerezi m'malo mwa Chipwitikizi, poona kuti ndicho chingawatsegulire makomo. Ena sankafuna aphunzitsi achizungu. Wansembe wina wochokera ku Sofala, Mateus Gwenjere, anaima kumbali ya ophunzirawo. Mu Março 1968 zinthu zinafika poipa, ophunzira ambiri anachoka, sukulu inatsekedwa. Sekondale inadzatsegulidwanso ku Bagamoyo mu 1970.

Ndani anali wolondola? Atsogoleri anali ndi mfundo yolimba. Mwana wa mlimi akufa m'tchire, mnzake akuwerenga mabuku ku Ulaya, kenako wowerengayo adzabwere kudzalamulira amene anakhetsa magazi. Zikatero mwangosintha khungu la bwana, ubwana uli pomwepo. Kumeneko kukanakhala kubwezeretsa assimilado m'dzina lina. Koma ana aja nawonso sanali opusa. Anali atayenda pansi mitunda yaitali kufunafuna sukulu imene anamanidwa kwawo, ndipo amene ankawauza kuti adikire anali munthu wa madigiri atatu a ku America. Ine ndimaona kuti mfundo ya a Mondlane inali yoona, yakuti wophunzira ali ndi ngongole kwa anthu amene sanapeze mwayi. Koma iwo ngongole imeneyo anasankha okha kuibweza, palibe anawakakamiza. Kuikakamiza pa mnyamata wa zaka 18 ndi nkhani ina, ndipo mabala a mkangano umenewu sanapole msanga.

Funso lomweli lili m'mabanja mwathu lero. Banja likagulitsa mbuzi ndi matumba a mbatata kuti mwana mmodzi amalize sukulu, mwanayo ali ndi ngongole yanji kwa azichemwali ake amene anatsala kumunda? Ndipo ndani ayenera kunena kukula kwa ngongoleyo, iye kapena iwo? Kambiranani m'kalasi mwanu, mudzaona kuti mayankho sadzafanana.

M'mwezi wa Julho chaka chomwecho FRELIMO inachita msonkhano wake waukulu wachiwiri ku Matchedje, m'chigawo cha Niassa, m'kati mwa dziko. A Mondlane anasankhidwanso. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake nkhondo inali itayambanso m'chigawo cha Tete.

Phukusi

M'mawa wa pa 3 Fevereiro 1969 a Mondlane anatenga makalata awo ku ofesi ku Dar es Salaam n'kupita nawo ku nyumba ya mnzawo m'mphepete mwa nyanja, kumene ankakonda kugwirira ntchito mwakachetechete. Pakati pa makalatawo panali phukusi la buku. M'kati mwa bukulo munali mutabowoledwa n'kuikidwa bomba. Atatsegula, linaphulika, ndipo anafera pomwepo. Anali ndi zaka 48. Kufufuza kwa apolisi kunaloza ku PIDE. Amene anakonza chiwembucho ankamudziwa munthu wawo: ankadziwa kuti buku sangalipatse wina kuti amutsegulire.

Chaka chomwecho buku lawo linatuluka m'Chingerezi, lotchedwa The Struggle for Mozambique. M'Chipwitikizi limatchedwa Lutar por Moçambique. Muli mutu wathunthu wofotokoza mmene sukulu ya atsamunda inkagwiritsidwira ntchito pogonjetsa anthu. Anaikidwa m'manda ku Dar es Salaam, ndipo mu 1979 mafupa awo anabweretsedwa ku Praça dos Heróis ku Maputo.

Ufulu unabwera pa 25 Junho 1975, patapita zaka zisanu ndi chimodzi iwo atamwalira. Pa tsikulo, mwa anthu 10 alionse a dziko lino, oposa 9 sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Yunivesite inalipo imodzi yokha, ku Lourenço Marques, ndipo ophunzira akuda mmenemo anali owerengeka. Pa 1 Maio 1976 inapatsidwa dzina lakuti Universidade Eduardo Mondlane. Mu 1978 boma linayambitsa kampeni yoyamba ya alfabetização m'dziko lonse, m'mafakitale, m'midzi ndi m'misasa ya asilikali. Nkhondo ya zaka 16 inagwetsa masukulu ambiri, makamaka kuno ku Tete, ku Niassa ndi ku Zambézia, ndipo ena a inu ubwana wanu unathera m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi. Ngati simunaphunzire muli ana, nthawi zambiri chifukwa chake chili m'mbiri imeneyi, osati m'mutu mwanu. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 88, amaika maphunziro ngati ufulu ndiponso udindo wa nzika iliyonse, ndipo satchula malire a zaka.

Za chiyankhulo zija zinatenga nthawi. Kwa zaka pafupifupi 20 pambuyo pa ufulu, sukulu za boma zinkaphunzitsa m'Chipwitikizi chokha. Mu 1993, nkhondo itangotha, boma linayesa koyamba kuyambitsa ana kuwerenga m'chiyankhulo cha kwawo, Chipwitikizi n'kumabwera pang'onopang'ono. Linasankha zigawo ziwiri zoyeserako. Ku Gaza ana anaphunzira m'Chichangana, chiyankhulo cha ku Nwadjahane. Ku Tete anaphunzira m'Chinyanja, chimene mukuwerenga panochi.